Pamene Anagumula Linga la Kaphande

Lolemba, 6 Seputembala 1948

Kutentha. Mtsinje wauma, madzi tikuchita kukumba mumchenga.

Lero kunabwera mzungu wochokera ku Livingstone pamodzi ndi mesenjala wa ku Boma la Lundazi. Anakayeza Linga la Kaphande ndi chingwe, analijambula, anatola mapale n'kuwabwezera pomwe anawatola. Kenako anakhoma chikwangwani pachipata, cha Chingerezi ndi Chinyanja. Akuti linga tsopano lili m'manja mwa Boma. Osakumba, osadula mtengo, osagumula khoma, osatengamo kanthu.

Mlongo wanga Haswell amuika kukhala mlonda, poti anali msilikali. Wavalanso nsapato zake za kunkhondo. Chibwerere ku Burma anali munthu wongokhala pakhonde n'kumayang'ana nkhuku. Lero ndinamuona ataimirira mowongoka.

Atate anakana kupitako. Mzungu ankafuna kuwafunsa, chifukwa mwa onse amene anali m'linga tsiku limene Angoni analigwetsa, atsala ndi iwo okha. Anali kamwana. Amayi awo anaphedwera momwemo, iwo anatengedwa ukapolo, n'kubwerako ali ndi ndevu. Mesenjala atawaitana anangoti, "Akafunse mafupa."

Amuna anga a Zimba anaseka madzulo. "Nyamwale, Boma lasowa nchito. Layamba kulonda dothi." Ndinaseka nawo pang'ono. Iwo ndi Mngoni wa kwa Magodi, ndipo agogo awo anali m'gulu limene linagwetsa lingalo. Chikwatirane nkhaniyi sitinaikambepo.

Mwana wanga Jemima akadali ndi chifuwa. Ndamuwiritsira masamba a mandimu.

Loweruka, 11 Seputembala

Ng'ombe ina yafa. Msoti wabwino, unangogwada pamchenga osadzukanso. Nyama yolimba, yopanda mafuta n'pang'ono pomwe. A Zimba sanadye.

Ng'ombezi anabwera nazo kuno iwo ndi mng'ono wawo Danwell chifukwa cha msipu wa kudambo, ndipo akwathu anawapatsa malowo ndi mtima umodzi. Dambolo lero ndi fumbi lokhalokha.

Danwell anadya kwathu. Ali mkati mwa kudya anati m'linga muli kasupe wosauma, udzu wofika m'chiuno. N'zoona, aliyense amadziwa. Koma chigwere cha linga palibe wa kwathu amene anatungapo madzi amenewo. A Zimba anandiyang'ana. Ine ndinangopitiriza kutongola chimanga.

Lamulungu, 19 Seputembala

Manyazi patchalitchi.

Titatuluka, amuna ataima pansi pa mkuyu, Danwell anayamba. Anati Boma likusunga linga kuti ana adziwe kumene Angoni anaonetsa chamuna. Anati agogo ake analitenga ndi nthungo, choncho ndi lawo, udzu ndi madzi omwe. Anapondapo pansi kawiri ngati akuvina ingoma.

Haswell anachoka pamene anaima. Anangomuyandikira n'kumumenya chibakera chimodzi pakamwa. Magazi pamalaya oyera a pa Sabata. Akulu a mpingo anawaleretsa, wina anagwetsedwa pamizu. Amayi onse maso pa ine, ngati ndine ndatuma.

Masana ndinakamuona Haswell. Ndinamuuza kuti wandiputira moto m'nyumba. Anapitiriza kupukuta nsapato. Kenako anati, "Amake Jemima, ku Burma ndinaona maenje odzaza anthu, ena anzanga. Palibe anawaikila chikwangwani. Awa okha ndiwalonda."

Kunyumba a Zimba anasoka mlomo wa Danwell ndi ulusi wanga wakuda. Sanandifunse kumene ndinali.

Lachisanu, 24 Seputembala

A Zimba anachita zaulemu. Anavala jekete, ananditenga, tinapita kukapempha kwa Haswell pachipata cha linga. Anakhala pansi, anaomba m'manja. Ndinawanyadira.

Haswell anati madzi titunge ndi mitsuko, chikwangwani sichiletsa. Koma ng'ombe ayi. Chipata n'chopapatiza, munthu amalowa chowerama, mmodzimmodzi. Ng'ombe kuti ilowe n'kugumula khoma. Ndiponso pansi ponse ndi anthu.

"Mulamu, khola lonse lingamwe ndi mtsuko?" anatero a Zimba. Haswell anati asenza nawo. Ndipo anasenzadi, mpaka dzuwa kupendeka.

Ine kanali koyamba kulowamo. Ndakulira pafupi pomwepa, koma tinkalambalala. Khoma lalitali kuposa munthu, la dothi lolimba ngati mwala, lili ndi timabowo ta mfuti. Kunja kwake ngalande ndi mpanda wa nkhadze. Mkati mozizira, mitengo ikuluikulu. Mphero zili ndii pamene eni ake anazisiya, ina ndi mwana wake pamwamba. Mafuwa atatuatatu. Mutha kuona kuti apa panali nyumba, apa nkhokwe. Anthu ankakhala, ankapera mawere, ankakalipira ana.

Pafupi ndi kasupe ndinaponda chinthu mu udzu. Chibwano cha mwana, mano ang'onoang'ono ali momwemo. Ndinachikwirira ndi masamba. Madzi a kasupeyo okoma, ozizira mpaka m'mano. Ndinamwa, ndinachita mantha, ndinamwanso.

Lachitatu, 29 Seputembala

Khosi langa. Nkhata yatha kawiri. Kusenza kuyambira m'mawa, ng'ombe kumwa kamodzi n'kha, mtsuko gwa. Mathole okha ndi amene akupulumuka. Zazikulu zafa zina.

Akazi akwathu akana kuthandiza. Azakhali anga anati madzi a anthu akufa sangawasenzere ng'ombe za amene anawapha. Ndinawakumbutsa kuti mkaka wa ng'ombezo adzukulu awo amamwa.

Haswell wapita ku Boma panjinga. Akukafunsa ngati angalole kukumba kangalande pansi pa khoma kuti madzi azitulukira kunja. Maganizo ake yekha. A Zimba anathokoza kuti yewo, anamupatsa mpope wa njinga. Danwell analavula.

Loweruka, 2 Okutobala

Agumula.

Ndilembe mwadongosolo.

M'mawa ndikupita ndi mtsuko ndinamva makasu. Danwell ndi abusa awo awiri, amuna akuluakulu, akugumula khoma kumbali ya dambo. Nkhadze atadula kale, ngalande atakwirira. A Zimba ataima pambali ndi ndodo. Sankagumula. Sankaletsanso. Ndinawagwira mkono, anandichotsa. "Nyamwale, usiku yafa Kanyenyezi." Ng'ombe imene ankaikonda kwambiri.

Mpata utatseguka ng'ombe zinanunkhiza madzi. Zinalowa mothinana, zikukankhana nyanga, khoma lina linagwa lokha. Mphero kugudubuzika. Pansi pakulira kuti phwa, phwa. Ndinkadziwa chimene chikuswekacho.

Sindikudziwa amene anawauza atate. Anafika ndi ndodo yawo, malo amene sanapondepo chiyambire ubwana. Sanakalipe. Anagwada pakati pa miyendo ya ng'ombe n'kuyamba kutola mafupa, kuika m'nsalu yawo. Danwell anati achoke, akutchinga njira. Sanamve kapena sanafune. Danwell anawakoka paphewa n'kuwaponya. Anagwera pamphero. Mkono unalira ngati nkhuni youma.

Ndinamutema Danwell ndi phale la mtsuko pamphumi. Anandikwezera dzanja, a Zimba anamugwira. N'chokhacho chimene anachita lero.

Atate ndinawabereka kumsana mpaka kwawo. Opepuka ngati Jemima. Nsalu ya mafupa sanaisiye.

Lamulungu, 3 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Amalume anamanga mkono ndi nsungwi. Fupa linatulukira pakhungu, ndinatsuka ndi madzi amchere. Atate sanalire. Thukuta lokha.

Masana anayamba kulankhula okha, maso kudenga. Akuti amayi awo anawabisa pansi pa lichero pafupi ndi kasupe. Ankaonera m'timipata. Anaona mapazi, kenako mutu wa amayi awo unagwera pafupi, maso akuyang'ana lichero. Moyo wanga wonse sanandiuzepo zimenezi.

Ndinagona konkuno. Jemima ali ndi ine.

Lachiwiri, 5 Okutobala

Dzino langa lapansi lachoka. Diso lakumanzere silikuona. Ndikulemba ndi limodzi.

Haswell anafika dzulo masana. Ku Boma anamuuza kuti za ngalande adikire yankho la ku Livingstone. Anatsika panjinga akumwetulira, atagulira Jemima mpango. Analowa kwa atate. Anatuluka nkhope ili ina. Anatenga chikwanje chake cha kunkhondo pansi pa mphasa. Ndinamugwira mwendo, anandikoka nawo mpaka pabwalo.

Abusa atamuona anathawa. Analowa m'linga, ine ndikumutsatira chapatali. Sanazibaye. Ankapita kumbuyo kwake n'kudula mitsempha ya miyendo, kamodzi uku, kamodzi uku, ng'ombe n'kukhala pansi ngati galu. Wosathamanga, wosatukwana, ngati akudula mapesi. Nkhunzi inamutembenukira, anaitema pamphuno. Zina zinathawira pampata. Zimene zinagwa n'zambiri. Kulira kwake sindinamvepo. Kenako anatseka mpata ndi minga, nakhala pamenepo, chikwanje pamiyendo.

Ndinapita kunyumba kuti a Zimba amve kwa ine. Anali atamva kale. Ndisanatule mawu anandimenya ndi mpini wa khasu. Ndinagwa, anandiponda. "Magazi a kwanu," ankangotero. Chikwatirane sanandikhudzepo, ngakhale kundikankha. Atasiya anakhala pakhomo n'kugwira mutu. Ndinakwawa n'kudutsa pambali pawo.

Dzino ndinalitola. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachinayi, 7 Okutobala

Ng'ombe zikadalira m'linga. Zikumveka mpaka kuno kwa atate, usana wonse. Miimba yadzaza mitengo. Haswell akuti wa kwa Zimba sapondanso mmenemo, ngakhale kudzazipha. Ndinamupititsira chakudya. Ndinati, "Mlongo wanga, ng'ombe zinakulakwira chiyani?" Sanandiyang'ane. Kununkha kwayamba.

Danwell wapita kwa Magodi panjinga kukaitana abale. Amalume anga ndi ana awo akunola nkhwangwa. Wina watulutsa uta wa agogo ake, chingwe chake chovunda. Amuna amene dzana ankadandaula za msana lero akuyenda ngati anyamata. Akusangalala, ndikuwaona.

Ndinayenda mpaka kumsewu waukulu, nthiti zikubaya. Ndinaimitsa lole ya fodya yopita ku Lundazi. Ndinapempha woyendetsa akanene ku Boma kuti atumize amesenjala msanga, anthu aphana. Anayang'ana nkhope yanga, anati akanena.

Lolemba, 11 Okutobala

Haswell tamuika dzulo.

Zinachitika Loweruka m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Ndilemba kamodzi kokha, ndisadzabwerezenso.

A kwa Magodi anafika panjinga, gulu. Njinga anaziimika kudambo. Zibonga, nthungo, ena zishango zovinira ingoma. Akwathu anali kale pampata, Haswell patsogolo, nsapato zake atapukuta. Ine ndinaima pachulu ndi azakhali. Amesenjala kunalibe.

A Zimba anatsogola okha, manja opanda kanthu. Chindimenyere ndinali ndisanawaone. Anaonda. Anati, "Mulamu, sindinabwele ku nkhondo. Ndilole ndikazimalize. Zikulila." Haswell anawayang'ana nthawi yaitali. Ndinamuona ndi maso angawa akuwerama, akukoka nthambi ya minga kuti adutse. Anali atalola.

Pomwepo chibonga cha Danwell chinauluka. Chinamupeza Haswell patsaya ali chowerama.

Zotsatira sindingazilondoloze. Fumbi, kukuwa. Akwathu anaponya nthambi za nkhadze zodula kumene, utomoni m'maso mwa anthu, ena akugubuduka atagwira nkhope. Amalume anathyoledwa bondo. Munthu wina wa kwa Magodi khutu lake likulendewera. Mwana wa azakhali anatemedwa zala. Anthu amene timayimba nawo nyimbo imodzi pa Sabata.

Haswell anadzuka, tsaya litaphwanyika. Danwell anamuthamangira ndi nthungo. Haswell anangopatuka pang'ono n'kutema kamodzi, pakati pa khosi ndi phewa. Chikwanje chinalowa mpaka chinakanirira. Danwell anakhala pansi, akuoneka wodabwa. Magazi anathovokera pakhoma.

Onse anaima. A Zimba anamugwira mng'ono wawo, anayesa kutseka bala ndi manja, magazi akudutsa m'zala. Ankamuitana dzina la paubwana. Anafera m'manja mwawo.

Haswell anaima pomwepo, manja ali pansi, opanda kanthu. Sanathawe. Ine ndinali nditatsika pachulu, ndikuthamanga, ndikuitana a Zimba. Anandimva, anatembenuka, tinayang'anana. Kenako anatola nthungo ya Danwell. Haswell anangoti, "Mulamu." Anamubaya pansi pa nthiti, n'kukankha ndi thupi lonse mpaka anamukhomera kukhoma.

Anthu anabalalika. Haswell ndinamugwira mutu. Anapempha madzi. Ndinathamangira kukasupe, ndinapeza ng'ombe yakufa itagwera momwemo, madzi akuda, mphutsi. Ndinazungulirazungulira kufuna poyera. Ndinatunga ndi manja pambali. Pofika anali atapita.

A Zimba sanathawe ndi abale awo. Anatenga nkhwangwa, analowa m'linga, anamaliza ng'ombe zimene zinali zikupumabe, imodzi imodzi. Kenako anakhala pansi pa chikwangwani.

Amesenjala anafika madzulo. Woyendetsa lole uja ananenadi, koma galimoto yawo inafera panjira.

Lachitatu, 13 Okutobala

A Zimba awatenga ndi unyolo, pamodzi ndi amuna ena a mbali zonse ziwiri. Podutsa pakhomo pa atate anapempha kuima. Ndinatuluka. Anayang'ana diso langa. Anati, "Nyamwale, ng'ombe zatsala ugawile mwana mkaka." Jemima ankafuna kuwathamangira, ndinamugwira.

Mtembo wa Danwell anaunyamula pamachira kupita kwa Magodi.

Atate sakudya. Akuti analakwa kupulumuka pansi pa lichero. Ndinawakalipira, kenako ndinalira.

Ndikuwada a Zimba. Komabe lero ndinapezeka nditachapa malaya awo.

Lachisanu, 22 Okutobala

Mvula yagwa. Yamphamvu, tsiku lonse. Kudambo madzi ali tayale. Anthu anatuluka ndi makasu, palibe amene anayang'ana mnzake kumaso.

Ndinabzala ndekha. Chimanga kumtunda, nthochi za atate ndazisiya.

Loweruka, 30 Okutobala

Mesenjala anabwera kudzaona linga. Anati Boma lidzatumiza anthu okonza khoma, koma sakudziwa liti. Mvula ikupitiriza kudya pampata, dothi likusungunuka.

Atate anadzuka, anapempha phala. Anati tikatseke tokha. Ndinawauza kuti chikwangwani chikuletsa kukumba. Anati chikuletsa kugumula. Tinapita awiri. Ine kuponda dothi la pachulu, iwo kumata ndi dzanja limodzi. Mafupa a m'nsalu aja anawabwezera pafupi ndi kasupe, tinawaunjikira miyala. Mitembo ya ng'ombe afisi anamaliza, nyanga tinatulutsa.

Magazi pakhoma mvula sinachotse onse. Pali mabanga awiri oyandikana. Sindinathe kudziwa la Haswell ndi liti. Atate anati ndisamatepo.

Tafika m'chiuno. Pamwamba taika minga.

Lachiwiri, 23 Novembala

Ndabwerako ku Fort Jameson. Akhoti anandiitana kukachitira umboni pamlandu wa a Zimba. Anati mkazi sakakamizidwa kunenera mwamuna wake. Ndinati ndinena.

Ndinanena zonse. Kuti Haswell anali manja opanda kanthu. Kutinso a Zimba anabwera opanda chida, kuti anapempha mwaulemu kawiri, kuti mng'ono wawo anafera m'manja mwawo. Womasulira ankandidula, ndinkabwereza. Akwathu akuti ndinawapulumutsa ku chingwe. A kwa Magodi akuti ndinawamangitsa. Onse akunena zoona.

Sawanyonga. Ndende, zaka zambiri. Jemima adzakhala ali ndi ana ake.

Potuluka alamu anga aakulu, a Eston, anandiimitsa pamasitepe. Anati malowolo anga anaperekedwa onse, ng'ombe zinalowa m'khola la atate, choncho Jemima ndi wa kwa Zimba. Adzabwera kudzamutenga. Ndinati kwathu mwana ndi wa mayi. "Kwanu kunatha pomwe munalandila ng'ombe," anatero.

Mapazi atupa. Mvula yasiya, chimanga chikufota.

Lachitatu, 1 Disembala

Uthenga wafika. Abwera Loweruka, a Eston ndi amuna ena.

Akwathu otsala ayambanso kunola. Amalume, bondo lothyoka, akulamula ali pamphasa. Akuti mwana wa mbumba yawo sapita. Za Jemima mwini wake palibe akuganiza. Iye akungofunsa kuti atate ake abwera liti.

Ndaganiza. M'mudzi asandipeze, chifukwa pakafanso anthu pabwalo, ana akuona. Ndipita naye m'linga. Mpata ndi umodzi, chipata nditseka ndi mwala. Amalume sindiwauza. Atate okha ndawauza, anagwedeza mutu.

Chikwanje cha Haswell amesenjala anatenga. Ndatenga cha atate, chodulira nsungwi. Ndachinola ndekha. Poyesa pachala ndinadabwa kuti mtima wanga uli phee. Amene adzayambe kudumpha minga ndimutema. Ndikudziwa pomwe amatema, ndinaona.

Loweruka, 4 Disembala

Tili m'linga kuyambira m'mawa. Jemima ankasewera ndi mwana wa mphero, kupera mchenga. Ine pampata, chikwanje m'manja.

Dzuwa lili pamutu ndinaona munthu mmodzi akubwera kuchokera kudambo. Wapansi, wowerama, ndodo. Apongozi anga, amayi a a Zimba. Anaima pachikwangwani n'kunena odi. Jemima atamva mawu awo anathamanga, ndinamugwira padzanja mwamphamvu mpaka analira.

Anaona chikwanje. Sanabwerere m'mbuyo. Anati ndiwaonetse pomwe Danwell anagwera. Ndinaloza ndi chikwanje chomwecho. Anayandikira khoma, anayang'ana mabanga awiri aja. Anafunsa kuti lake ndi liti. Ndinati sindikudziwa. Anagwira onse awiri, dzanja ili ndi ili, n'kutsamira mutu pakhoma. Sanalire mokweza.

Ndinachotsa minga. Anakwera movutika, ndinawakoka mkono.

Akuti a Eston ndi anzawo ali kumtsinje. Apongoziwo anawakakamiza kuti awakweze panjinga, ndipo anawauza kuti adikire mpaka iwo alankhule nane. Anandiuza mosabisa kuti sanandikhululukire za ku Fort Jameson, ndipo mdzukulu wawo akumufuna. "Koma pamalo pano pandidyela ana awili. Eston akadumpha apa umutema, ndakuona m'maso. Wachitatu yayi."

Akuti nditulukire kuchipata chakale, nditsate ngalande mpaka kumsewu, ndikafike ku Boma, mlandu wa mwana ukakambidwe pamaso pa anthu, popanda zibonga. Iwo akhala pampata. Ndinati adzakukankhani monga anakankhira atate. Anati, "Ndinamubala ine. Sangandilumphe."

Akhala kale, miyendo atatambasula, nsana kwa ife. Jemima anawapatsa mpango wake kuti afunde kumutu. Chikwanje anati ndiwasiyire, achikhalira.

Ndawatungira madzi m'chikho. Anafunsa ngati ndi a kasupe yemwe uja. Ndinati inde. Anamwa onse.

Mabelu a njinga akumveka kudambo. Apongozi akuti fulumira, Nyamwale. Mwala wa pachipata ndi wolemera, ndiyambe kuusuntha.